Chishango cha Mudzi wa Chitseko Chimodzi

Vuto langa kuyambira ndili mwana ndi loti pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Munthu akandifunsa ngati tili ndi chinthu chakuti, ndimayamba ndavomera, kenako ndiye ndimakafufuza kuti chinthucho n'chiyani. Ku Malawi khalidwe limeneli linkangondichititsa manyazi apo ndi apo. Kuno ku Canada linandisenzetsa ntchito yomwe sindinaiganizirepo.

Ndimakhala ku Oshawa, kumene lendi imatilola kupumako, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mlongo wanga wamng'ono ndi namwino, amakhala ku Brampton. Iye anayamba kubwera kuno, ine ndinatsatira patapita zaka. Mwamuna wake anatisiya kalekale, moti mwana wake wamkazi, wobadwira konkuno, atapeza mnyamata womukwatira, udindo wonse unagwera ine monga malume. Ndisabise, ndinanyada. Ndinachapitsa suti yanga yomwe imayenda maukwati ndi maliro omwe, n'kukwera sitima kupita ku North York kukaonana ndi makolo a mnyamatayo, mlongo wanga ndi mwana wake atatsogola pagalimoto.

Mnyamatayo ndi mzungu wofatsa, wamtali moti amawerama polowa m'basi. Amayi ake ndi munthu wansangala, woyankhula mosapumira. Tisanamalize n'komwe tiyi anatitengera pakhoma la pabalaza kukationetsa chithunzi cha chishango. Panali mkango utaima ndi miyendo iwiri ngati ukuvina, pamwamba chisoti cha nkhondo, pansi mawu a Chilatini. Anati kwawo ku Scotland mabanja ndi midzi amakhala ndi zizindikiro zotere, ndipo chilichonse chojambulidwapo chili ndi mbiri yake. Anafuna kuti patsiku la ukwati chawocho chipachikidwe kumbuyo kwa mkwati, cha kwathu kumbuyo kwa mkwatibwi. Ndiye anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati mudzi wathu uli nacho.

Kwathu munthu ukapita kukakamba za ukwati sumaimira thumba lako lokha, umaimira mtundu wonse. Ngakhale ulibe nkhuku, umakhala pampando ngati wasiya ng'ombe kudambo. Ndinakonza tayi.

"Tili nacho," ndinayankha m'Chingerezi changa cha pa Sande. "Chakalekale ndithu."

Mlongo wanga ananditsina pamkono mpaka ndinaona nyenyezi. Koma mtsikanayo anandiyang'ana ndi maso owala, ngati ndamuuza kuti ali ndi munda kwinakwake.

M'galimoto pobwerera mlongo wanga ankayendetsa, maso pamsewu. Mwanayo ndiye anayankhula, m'Chichewa chake chodumphadumpha chija. Anati kuyambira kusukulu ya ana, akamufunsa kumene amachokera, ankangotchula dzina la dziko basi, chifukwa amayi ake sakamba za kumudzi. Anzake ankabwera ndi zithunzi ndi nkhani, iye ankabwera ndi mapu.

"Malume, ine ndikufuna cha zoona," anatero. "Osati cha pa Intaneti. Something that is really ours."

Titamutsitsa, mlongo wanga anazimitsa injini n'kunditembenukira. "Achimwene, mwaziyamba nokha. Muzimalizenso nokha."

Tsono ndifotokoze za mudzi wathu. Uli ku Ntcheu, kuseri kwa phiri, ndipo ndi waung'ono moti munthu akayetsemula kumtunda akumunsi amamuuza pepani. Mukaufufuza pa mapu a pafoni mumangoona mitengo ndi denga limodzi la malata. Kulibe chigayo, kulibe golosale, ngakhale galu wodziwika kulibe. Chishango chokha chomwe ndinachionapo kumeneko chinali cha chikopa cha ng'ombe, cha mkulu wina wovina ngoma, ndipo chinali chitadyedwa ndi makoswe mbali imodzi.

Ndinachita zomwe Mmalawi aliyense kunja kuno amachita zinthu zikamukulira: ndinaitanitsa komiti. Tinakumana Loweruka masana m'chipinda chapansi kunyumba kwa mlongo wanga, iye mwini n'kukana kutsika. Ndinabweretsanso mnzathu wina wa ku Chipata amene timapemphera naye, yemwe amagwira ntchito pamalo osindikizira zikwangwani. Anatsegula kompyuta yake n'kuti tiyambe.

Aliyense anafuna mkango. Anati ngati azungu ali ndi umodzi, ife tiike iwiri. Ine ndinavomereza mwamphamvu, ngakhale mkango woyamba m'moyo wanga ndinauona konkuno ku Toronto, kumalo osungira nyama, uli mtulo. Mayi wina anati paikidwe chambo. Ndinamukumbutsa kuti ife ndi anthu a kumapiri, nsomba yomwe timaidziwa ndi usipa wouma wa pamsika, koma anati chambo chimaoneka bwino pachithunzi. Mkulu wa mpingo anati popanda Baibulo iye sasainira. Wina anawonjezera chimanga, wina njinga, wina tsamba lofiira la pa mbendera ya kuno kuti eni dziko asakhumudwe. Pofika madzulo chishango chathu chinali chitadzaza ngati minibasi ya tsiku la msika, mikango iwiri ija itapanikizika m'makona.

Mnzathu wa ku Chipata anachiyang'ana nthawi yaitali, akukanda chibwano.

"Manje ba ankolo," anatero, "izi nkhalamu zenze kunkhala kuti kumunzi kwanu? Mu munda wa nyemba?"

"Inu jambulani," ndinamuuza. "Mbiri tisiyireni eni ake."

Ndinapita nacho kwa mwana wa mlongo wanga chitasindikizidwa papepala, nditachinyamula ngati satifiketi. Anachiyala patebulo n'kuyamba kufunsa chimodzichimodzi. Mikango ikutanthauza chiyani? Ndinati kulimba mtima kwa makolo athu. Ndani analimbana ndi mkango? Ndinati agogo ena ake. Dzina lawo? Ndinati anali ndi mayina ambiri. Nanga nsombayi inkachokera mumtsinje uti? Pamenepo ndinayamba kutsokomola.

"Malume, mukunama," anatero. "Mukamanama mumagwira khutu."

Ndinachotsa dzanja kukhutu. Iye sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anangopinda pepala lija bwinobwino n'kundibwezera.

"It's okay. Khoma langa likhale lopanda kanthu. Ndazolowera."

Mawu amenewo anandipweteka kwambiri. Ndinakwera sitima yobwerera ku Oshawa ndili ndi chisoni chenicheni, mikango yanga ili m'khwapa.

Chipulumutso chinabwera Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, pa nthawi ya tiyi ndi mandasi. Kumpingo kwathu kuli mayi wina wachikulire amene anali atangobwera kumene kudzalera zidzukulu. Kwawo ndi mudzi woyandikana ndi wathu, tsidya la mtsinje, ndipo anthu a midzi iwiriyi sitikumana osanyozana. Anali atamva kale za komiti yanga, chifukwa nkhani kuno imayenda msanga kuposa basi. Anandilanda pepala lija, n'kuvala magalasi. Kenako anaseka mpaka duku linasunthira kumbuyo, mpaka wina anawathamangira ndi madzi.

"Mikango? Inuyo?" anatero akupukuta misozi. "A mudzi wa chitseko chimodzi? Tandiuzani kaye, chitseko chili kuti lero?"

Funso limenelo ndinali ndisanalimve kwa zaka zambirimbiri, ndipo linandibweza kumudzi ndili chiimire ndi ndasi m'manja.

Agogo athu aamuna, bambo a amayi, anakagwira ntchito kumigodi ku Joni. Anzawo pobwerera ankabwera ndi njinga, wailesi, majekete. Iwo anabwera ndi chitseko. Chitseko chenicheni cha matabwa, cholemera, chokhala ndi mahinjesi, chomwe anachisenza pamutu kuchokera kumsewu waukulu mpaka kuseri kwa phiri. Nthawi imeneyo nyumba zonse m'mudzimo zinkatsekedwa ndi nsungwi zoluka. Agogo ankati munthu amene wagona m'makomboni a kumigodi amadziwa kufunika kotseka chitseko chako n'kukhala wekha.

Sanakhale okha ngakhale mwezi. Mnansi wina anadwala mwakayakaya, ndipo panalibe chomunyamulira kupita kuchipatala cha mishoni. Amuna anabwera, anavula zipewa, n'kuyang'ana chitseko. Agogo anachizula. Chitabwerako, kunali ukwati, ndipo panafunika tebulo loikapo keke. Kenako wina anapha nkhumba. Kenako mphunzitsi wa sukulu ya pansi pa mtengo anachipaka makala n'kumalembapo masamu. M'dzinja, kamtsinje kakadzaza, ankachiyala kuti ana awolokerepo. Mapeto ake agogo anasiya kuchimangirira, ankangochitsamiritsa pakhomo, ndipo masiku ambiri nyumba yokhayo yomwe inali ndi chitseko chamakono ndi yomwe inkagona yosatseka. Nkhuku zinkalowa ndi kutuluka mwaufulu, mbuzi inaberekerapo kuseri kwa bedi. Mlendo akaodira, agogo ankayankha ali mkati: "Lowani, chabwerekedwa."

Midzi yoyandikana inatipeza pamenepo. Kumsika, kumpira, kumaliro, moni wathu unali womwewo: chitseko chili kuti lero? Ife ana tinkamenya nawo ndewu chifukwa cha funso limeneli.

Ndipo panalinso china. Amayi ali ndi pakati pa mlongo wanga, matenda anawayamba mvula ikugwa. Anawagoneka pachitseko, amuna n'kunyamula. Atafika padambo mwana anakana kudikira. Amayi a m'mudzi anazungulira ndi zitenje, amuna anatembenuka kuyang'ana phiri, ndipo mlongo wanga, namwino wa ku Brampton amene lero amadzudzula madokotala, anabadwira pachitseko pakati pa udzu. Kusukulu ankamutcha mwana wa pachitseko mpaka anamaliza pulayimale.

Ndinathamangira kwa mlongo wanga tsiku lomwelo. Ndinamupeza kukhitchini.

"Achemwali, ndachipeza! Chitseko cha agogo!"

"Ayi," anatero osatembenuka.

"Ayi chiyani? N'chathu, n'choona, mwana akufuna choona."

"Ndati ayi, achimwene."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti Canada yamulowa m'mutu, kuti akuchita manyazi ndi kumene anachokera, kuti akuopa azungu adziwa zoti sanabadwire pabedi la chipatala. Ndinayankhula zambiri, monga mwa nthawi zonse. Iye anangotenga mbale zotsuka kale n'kuyambanso kuzitsuka. Ndinatuluka ndikumenyetsa chitseko chake, chomwe chili ndi maloko awiri ndi kabelu koimba nyimbo.

Kukana kwake sikunandiletse. Ndinapita kwa mnzathu wa ku Chipata n'kumuuza kuti afufute zonse, ajambule chitseko chokha. Anandiyang'ana ngati ndamwa.

"Chitseko chabe? Kulibe nyumba?"

"Nyumba inkatsala. Chitseko ndi chimene chinkayenda."

Mawa lake ananditumizira chithunzi pafoni. Anali atajambula chitseko choyera cha kuno, cha galasi pamwamba, kabowo ka makalata, ndi kamkeka kopondapo pansi. Ndinamuimbira ndili pa nthawi yopuma kuntchito.

"Bambo, ichi n'chitseko cha kubanki. Chathu chinali cha matabwa osalingana, chakuda ndi makala, chopsa pakona pomwe wina anaikapo simbi yamoto. Chinali ndi chibowo pomwe panagwa mfundo ya thabwa, ana tinkasuzumirirapo."

"Imwe ba Malawi," anadandaula, "anzanu amanipempha kuti nikonze vintu vioneke bwino. Imwe mufuna niononge."

Anaononga ndithu, ndipo anaononga mwaluso. M'malo mwa mikango, m'mbali mwa chishango tinaimikamo nkhuku ziwiri, popeza ndi zomwe zinapindula kwambiri ndi mbiri imeneyi. Pansi, pomwe anzathu analemba Chilatini, ife tinalemba mawu a agogo aja: Lowani, chabwerekedwa. Mkulu wa mpingo anadandaula za Baibulo lake, mayi wa chambo sanandipatse moni milungu ingapo, koma ndinalimba.

Ukwati utayandikira ndinapita nacho ku Brampton chitasindikizidwa pansalu yaikulu. Mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinali ndisanayankhulane ndi mlongo wanga chikanganirane. Ndinachiyala patebulo lodyera pamaso pake. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala pachibowo chija.

"Mwalakwitsa," anatero. "Chinali kumanzere."

Ndinafuna kutsutsa, koma anali kunena zoona. Anakhala pampando, chala chikadali pansalupo.

"Inu mumaganiza kuti ndimachita manyazi. Ndichite manyazi ndi chiyani? Ndabereketsa amayi ambirimbiri pamabedi okwera ndi kutsika ndi batani, ndipo palibe bedi lomwe ndimalilemekeza kuposa thabwa ili." Anandiyang'ana. "Achimwene, chitsekochi chinathera kuti?"

Ndinkadziwa kumene chinathera, chifukwa ndinalipo. Amayi anamwalira m'dzinja, msewu utaduka, matabwa osapezeka. Adzukulu okumba manda anabwera, anavula zipewa, n'kuyang'ana chitseko monga ankachitira makolo awo. Bokosi la amayi linakhomedwa ndi matabwa amenewo. Ine ndinagwira nawo misomali, ndinalira, ndinaponya dothi, ndipo kwa ine nkhaniyo inathera pamanda pomwepo, mwinanso mokoma. Mlongo wanga nthawi imeneyo anali kuno, mapepala ake asanatuluke, mwana ali wakhanda. Akanapita sakanaloledwa kubwerera. Zonse anazimva pafoni, kuchokera kwa ine, ndipo chiyambire pamenepo sanapondenso kumudzi.

"Chinandinyamula ine pobwera," anatero. "Chinawanyamula iwo popita, ine kulibe. Ndiye mukuti ndikachione chitapachikidwa pakhoma anthu akuvina?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga pakamwa panga panadikira mutu. Ndinamva chisoni, ndinamvanso manyazi ndi zonse ndinamunenera kukhitchini zija. Ndinayamba kupinda nsalu ija, ndikuti basi, khoma likhale lopanda kanthu. Anandigwira dzanja.

"Muuzeni wa ku Chipata uja asunthe chibowo. Mwana wanga asaime pansi pa bodza."

Ukwati unachitikira mu holo ina ku Brampton komweko. Kumbuyo kwa mkwati kunali mkango wovina uja, kumbuyo kwa mkwatibwi chitseko chakuda ndi nkhuku ziwiri. Amalawi ankalowa, kuyang'ana khoma, n'kugwirana m'mapewa. Bambo a mkwati anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti nkhuku zathu azikonda, ndipo kuti iwo za mkango wawo sadziwa kanthu, anangoupeza uli pakhoma atakwatira.

Itakwana nthawi ya zoyankhula, amayi a mkwati anapempha kuti wina wa kwathu afotokoze tanthauzo la chishango. Ndinaimirira, ndinakoka jekete, ndili ndi mawu okwanira ulaliki wathunthu. Ndisanafike kutsogolo mlongo wanga anali atatenga kale maikolofoni. Anafotokoza yekha, chiganizo cha Chingerezi, chiganizo cha Chichewa. Anakamba za agogo ndi ulendo wawo wa ku Joni, za nkhumba, za masamu, za mbuzi ya kuseri kwa bedi. Holo yonse inagwa ndi phwete. Atafika pa dambo lija analoza chitseko n'kunena kuti iye anabadwira pamenepo, ndipo anamwino anzake anaimba m'manja ndi kuliza nthungululu. Mkwatibwi anali atatembenuza mpando, kufulatira alendo onse, akuyang'ana khoma lake pakamwa pali yasa.

Ndiye kumbuyo kwa holo kunamveka mawu a mayi wachikulire uja wa tsidya la mtsinje. Sakanatha kudziletsa, ndipo sindiwaimba mlandu, ndi moni wathu.

"Nanga chitseko chili kuti lero?"

Amalawi anaseka. Ine sindinaseke, ndinayang'ana mlongo wanga. Anakweza maikolofoni.

"Chili ndi amayi," anayankha. "Anabwereka komaliza."

Amene anamva Chichewa anasiya kuseka, ndipo azungu anaona nkhope zathu n'kuzindikira kuti si nthabwala. Mayi wachikulire uja anagwira pakamwa. Mkwatibwi sanafunse munthu kuti amumasulire. Anadzuka ndi diresi lake lalitali lija, anapita kwa amayi ake, n'kuwagwira m'chiuno ngati kamwana. Maikolofoni inali isanazimitsidwe, moti tonse tinamva Chichewa chake chodumphadumpha chija.

"Amama, mundiperekeze. Ndikufuna ndikaone pamene agona."

Mlongo wanga anayang'ana chitseko, chibowo chili kumanzere, n'kupukuta mwana wake m'maso ndi chala kuti zopakapaka zisaonongeke.

"Tipita," anatero. "Mvula ikatha, tipita."